Zosungira umuna wa ng'ombe sizonse zoyenera tonde

Akonzi,

Alimi ambiri akufuna mbewu ya tonde wa mtundu wa Boer, koma ena mwa anzathu ogwira ntchito za ziweto akusunga umuna wa mbuzi monga amachitira ndi wa ng'ombe, pousakaniza ndi chikasu cha dzira kapena mkaka, kenako n'kudabwa kuti misoti siyikutenga bere.

Tonde amatulutsa umuna wochepa, pafupifupi mililita imodzi, koma muli mbewu mabiliyoni awiri kapena kuposa. Madzi ake ali ndi shuga wa fructose wopatsa mbewuzo mphamvu yosambira, komanso citric acid.

Vuto lagona pa tiziwalo tiwiri totchedwa bulbourethral, tomwe tili m'mbali mwa njira ya mkodzo. Timatulutsa mu umuna enzyme, michere yoswa zinthu zina, imene ikakumana ndi mafuta a m'chikasu cha dzira imawaswa, chikasucho n'kugwirana, ndipo pamatuluka lysolecithin, poizoni woboola khungu la mbewu. Mkaka nawonso suthawa, umaswedwa chimodzimodzi. Choncho yambani mwazunguza umunawo mu centrifuge, makina olekanitsa mbewu ndi madzi, tayani madzi apamwamba, kenako sakanizani mbewuzo ndi chikasu kapena mkaka. Ngati makinawo palibe, chikasu chikhale chochepa kwambiri.

Kuno ku Mzuzu tisaiwalenso chisanu cha mu June ndi July. Umuna ukagwera m'kabotolo kozizira m'mawa, mbewu zimapinda michira n'kuleka kuyenda. Fundetsani kabotolo pa madigiri 37 a Celsius, ndipo poziziritsa umunawo kufika pa madigiri 5 muzichita pang'onopang'ono, kwa maola awiri.

Tonde amene wadwala n'kutentha thupi mupumitseni miyezi iwiri, chifukwa mbewu yatsopano imatenga masiku pafupifupi 48 kuti ipangike.

Mlangizi wa ziweto,
Mzuzu