Akafukufuku a zaumoyo, funsaninso za kusalidwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za akafukufuku a zaumoyo amene amayenda m'midzimu ndi matabuleti aja. Sindikudana nawo ayi, ntchito yawo ndi yofunika, kalembera wa 2018 ndi amene anatiuza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni ndipo mwa amenewa oposa 134,000 ndi achialubino, zinthu zoti kale timangoyerekeza. Koma pali chinthu chimodzi chimene mafunso awo sakuchifika bwinobwino, kusalidwa.

Kwathu kuli mayi ena, dzina sinditchula, anadwala fisitula atabereka mwana womaliza ndiye mkodzo umangotuluka wokha, papita zaka zambiri. Nyumba yawo ndi yamalata, anawamangira mwana wawo amene ali ku Joni, wailesi ilipo, foni ilipo, chimbudzi chabwinobwino. Atabwera akafukufuku ena anafunsa zimenezi, denga ndi lanji, madzi mumatunga kuti, muli ndi neti, basi nkudina dina pa tabuleti nkumapita. Papepala mayiwa ali bwino kuposa ambiri a ife. Koma funso loti madziwo mumatunga nthawi yanji palibe anafunsa, chifukwa iwo kumjigo amapita mbandakucha kusanafike anthu kuopa kuti azimayi anzawo azigwira mphuno, kutchalitchi anasiya kalekale, kumaliro amakhala patali sayandikira kumene akuphika, ngakhale kubanki m'khonde anawakana mwaulemu kuti gulu ladzaza. Ndinawapezapo tsiku lina akuyanika zitenje kuseri kwa nyumba kumene anthu sadutsa, ndinamva chisoni kwambiri. Ndipo chithandizo chilipo, ku Bwaila ku Lilongwe amachita opaleshoni ya fisitula, koma munthu woti palibe amacheza naye amva kwa ndani, nanga amuperekeza ndani?

Umphawi ndi kusalidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana abale. Wosauka akadwala usiku anthu amathamanga ndi njinga, wosalidwa ngakhale ali ndi ndalama pafoni amagona ndi matenda ake mpaka kuche.

Tikatenga kafukufuku wamkulu wa DHS, woona za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, amene amachita a NSO, ofesi ya boma ya kalembera ya ku Zomba, amacheza payekhapayekha ndi amayi a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo a zaka 15 mpaka 54, ndiye agogo amene akunamiziridwa ufiti m'midzimu nkhani yawo imveka bwanji? Komanso amayenda m'makomo, kutanthauza kuti ana ogona m'makhonde a mashopu ku Limbe ndi anthu a m'ndende mulibemo. Muli funso lina labwino ndithu loti kodi mungagule masamba kwa munthu amene ali ndi HIV, koma limeneli likufunsa wosala, ndipo ndani angavomere pamaso pa mlendo kuti ine ndimasala anthu? Aliyense amayankha zomusangalatsa wofunsayo.

Ine pempho langa ndi loti afunseni eni ake mafunso omveka pa Chichewa chathu. Mukadwala usiku ndani angakutengereni kuchipatala? Munadyako liti mbale imodzi ndi anthu a pakhomo lina? Kumsonkhano wa mfumu mumaitanidwa, nanga mukakweza dzanja amakulozani? Kuchipatala munabwererako pakhomo chifukwa cha mmene anakulankhulirani? Ndipo funsani pambali, osati apongozi ali pompo ndi ana atazungulira, munthu wa khunyu kapena wa matenda a maganizo sanganene zoona choncho. Mugwiritsenso ntchito alangizi a zaumoyo, iwo aja amadziwa nyumba ya kumapeto kwa mudzi imene wokulondolerani njira amaidumpha dala.

Zotsatira zake muzibweranso nazo kuno mudzatiwerengere pabwalo m'Chichewa, mayi ndikunenawa amve nawo.

Wowerenga wanu,
Mchinji