Lipoti la Msonkhano wa Matenda Akumtundu a Agalu a Terrier

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma kumsonkhano wa madokotala a ziweto ndi oweta agalu kuti tikamve za matenda akumtundu a ma terrier, poti ambiri a inu mukuweta ma Jack Russell ndi ma Staffie (Staffordshire Bull Terrier), ena ochokera ku South Africa. Chachikulu chomwe tabwera nacho n'chakuti pepala la mzere wa makolo limangonena amene anabereka galu. Silinena zomwe makolowo anamusiyira m'magazi.

Ma terrier kwawo ndi ku Britain ndi ku Ireland, kumene ankalowa m'mauna kutulutsa nkhandwe komanso kupha makoswe m'makola. M'busa John Russell wa ku Devon anagula galu wamkazi dzina lake Trump mu 1819, ndipo ankasankha agalu oswetsa poona ntchito yawo kutchire. Zinthu zinatembenuka zionetsero za agalu zitayamba ku Newcastle mu 1859, kenako Kennel Club, bungwe la ku Britain lolembetsa mitundu ya agalu, n'kukhazikitsidwa mu 1873. Mtundu uliwonse unayamba kuswana wokhawokha, ndipo mphongo yopambana pachionetsero inkakwera zazikazi zambirimbiri. Huddersfield Ben, wobadwa mu 1865, ndiye amatengedwa ngati kholo la ma Yorkshire Terrier. Mphongo yotere ikakhala ndi jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa kochokera kwa makolo) imodzi yowonongeka, imafesa jiniyo mumtundu wonse popanda woona.

Masamu ake ndi awa. Matenda ambiri mwa awa amaonekera pokhapokha kamwana kakatenga jini yowonongeka kwa make ndi kwa bambo ake komwe. Galu wa jini imodzi yotere amaoneka bwinobwino, koma ndi wonyamula. Onyamula awiri akakwerana, kamwana kalikonse kali ndi mwayi umodzi pa 4 wodwala, 2 pa 4 wonyamula, ndi umodzi pa 4 wokhala wopanda vuto. Masamuwa ndi a kamwana kalikonse pakokha, choncho bere limodzi lotuluka bwino silitsimikiza kanthu.

Tinakhalitsa pa nthenda ya maso yotchedwa PLL, chifukwa ndi imene ili pakhomo pathu. Imagwira ma Jack Russell, ma Parson Russell ndi ma Miniature Bull Terrier, ndipo jini yake, ADAMTS17, inadziwika mu 2010. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamagwiridwa ndi timinyewa topyapyala kuzungulira. Timinyewato timaduka pang'onopang'ono mpaka kagalasiko kuguluka, kawirikawiri galu ali ndi zaka 3 mpaka 8, ataswa kale kangapo. Kakagwera kutsogolo kamatseka njira ya madzi a m'diso, mphamvu ya madziwo imakwera, ndipo diso likhoza kufa m'masiku ochepa. Galu amatsinzina diso limodzi, misozi ili chuchuchu, choyera cha diso chitafiira, pamwamba pake pakuoneka mbuu. Ambiri amayesa kuti walowa chitsotso, n'kumamudonthezera mankhwala a anthu sabata yathunthu. Musatero. Mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo aone ndi diso linalo, chifukwa nalonso limatsatira.

Ma Bedlington Terrier kuno ndi osowa, koma nkhani yawo ndi yophunzitsa. Chiwindi chawo chimalephera kutaya kopa (mchere wa copper wochokera m'zakudya) kudzera mu ndulu, ndiye amangounjikana. Pa galu wabwino, kopa sapitirira mamaikrogalamu 400 pa galamu imodzi ya chiwindi chouma. Pa wodwala amadutsa 2,000. Galu amaonda, amasanza, nkhama zimasanduka zachikasu, mimba n'kudzaza madzi. Jini yake, COMMD1, inapezeka mu 2002, komabe alipo ma Bedlington omwe amadwala jiniyo ili bwino. N'chifukwa chake madokotala sanasiye kudula kachidutswa ka chiwindi kukapima. Wodwala amamwa mankhwala a penicillamine kapena zinc, ndipo chiwindi cha ng'ombe chija timakonda kupatsa agalu asachilawe.

Bull Terrier woyera, amene James Hinks wa ku Birmingham anamutchukitsa m'ma 1860, vuto lake ndi kugontha. Kuwomba m'manja sikuthandiza, popeza wogontha khutu limodzi amatembenukabe; pamafunika makina a BAER, oyeza kumva kwa khutu lililonse palokha, kamwana kakakwana masabata 6. Mtunduwu ulinso ndi nthenda ya impso, ndipo mkodzo ukaonetsa UPC (muyezo wa mapuloteni otayika mumkodzo) yoposa 0.3, galuyo asaswe mpaka atamuunikanso. Ma Staffie, omwe Kennel Club inawalemba mu 1935, aziyezedwa zinthu ziwiri: ng'ala yakumtundu, ndi L-2-HGA, nthenda ya ubongo yomwe imabweretsa kunjenjemera, kudzandira ndi kugwa ngati khunyu. Za ma West Highland White ndi ma Scottish Terrier anangokhudzako: oyambawo kuyabwa kwa khungu ndi kutupa kwa fupa la nsagwada pa miyezi 3 mpaka 8, achiwiriwo magazi osagwirana msanga ndi khansa ya chikhodzodzo.

Panali kukokana pa funso la onyamula. Ena amati onse afulidwe. Ife tinaima ndi madokotala omwe amakana, chifukwa kuchotsa onyamula onse nthawi imodzi kumachepetsa agalu oswetsa, otsalawo n'kumakwerana pachibale, matenda ena obisika n'kutulukira. Wonyamula akwerane ndi wopanda vuto: palibe kamwana kotenga majini awiri owonongeka, ngakhale pafupifupi theka adzakhala onyamula. Pa PLL pokha anatichenjeza kuti onyamula owerengeka amadwalabe, choncho maso awo azionedwa chaka ndi chaka.

Kutenga DNA (momwe mumakhala majini) yokayezetsa sikulira zambiri, koma anthu amalakwitsa tinthu ting'onoting'ono. Galu asadye kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo kamwana koyamwa kapatulidwe kwa make kwa nthawi yofananayo, kuopa kuti mkaka ungasakanize DNA. Kamtengo ka thonje kapakidwe molimbika m'kati mwa tsaya kwa masekondi 30, kaume pamphepo, kenako kalowe mu envulopu ya pepala. M'pulasitiki kamachita nkhungu, labu n'kukabweza. Nambala ya microchip (kachipangizo kozindikiritsa galu koikidwa pansi pa khungu) ilembedwe pa fomu, apo ayi zotsatira za galu wina zimatha kugulitsa galu wina.

Tikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tigwirizane zinthu zitatu. Membala asakweretse Jack Russell kapena Staffie wosayezedwa. Wogula galu kunja azifunsa zotsatira za makolo onse awiri asanalipire. Komanso tiike malire a mabere omwe mphongo imodzi ingabereketse pachaka. Chiwerengero chake tasiyira inu. A Msungichuma, chonde mutifufuziretu mtengo wotumizira ma envulopu onse pamodzi ku labu ya kunja.

Ndife nthumwi zanu.