Kalata kwa makolo potseka teremu yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Teremu yoyamba yatha ndipo ana abwera ndi malipoti awo. Chonde khalani nawo pansi muwerenge limodzi, musangofunsa kuti wakhala nambala chani.

Ndikufuna mumve zimene ana a Fomu 3 achita m'kalabu ya sayansi, chifukwa zandisangalatsa kwambiri. Kuyambira mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, ankaika kasola kakang'ono pabwalo n'kulemba m'kope mphamvu imene kakutulutsa. Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, manambala aja anatsika, koma thukuta silinasiye kutuluka. Mtsikana wina anafunsa kuti, “Nanga kuwala kwasowaku kwapita kuti?”

Funso limeneli ndi lomwe akatswiri anafunsa za Venus, imene ife timati nthanda, ija asodzi amaiona mbandakucha pochokera kokapha usipa. Si nyenyezi ayi, ndi dziko lokutidwa ndi mitambo ya asidi yosang'ambika. Imawala chotero chifukwa mitamboyo imabweza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuwala kwa dzuwa. Mu 1972 chombo cha mumlengalenga cha dziko la Soviet Union chotchedwa Venera 8 chinatera kumeneko n'kuyeza kuwala kwa pansi. Mu Disembala 1978 chombo cha NASA (bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga), chotchedwa Pioneer Venus, chinagwetsa chipangizo chimene chinkayeza kuwala uku chikutsika m'mitambo, monga ana athu ankachitira ndi kasola kawo, kungoti icho chinkayeza pa msinkhu uliwonse. Kuwala kofika pansi kunapezeka kuti n'kochepa zedi, kwina kwambiri kumamwedwa m'mitambo ndi mumpweya. Komabe pansipo pamatentha kupitirira madigiri 450, poti mpweya wake, umene pafupifupi wonse ndi carbon dioxide (mpweya uja timatulutsa popuma), sulola kutentha kutuluka.

Ana anamvetsa zimenezi msanga chifukwa anali atayeza okha ndi manja awo. Vuto n'lakuti kasola tili nako kamodzi, ndiye amachita kulimbirana. Amene muli ndi kasola ka tochi kapena ka wailesi kamene simukukagwiritsanso ntchito, tumizani ndi mwana potsegulira.

Ndikudandaulanso za anyamata amene amajomba popita kunyanja. Ena mwa iwo ndi aluso pa masamu, ndipo zimandipweteka kuona mipando yawo ili yopanda anthu. Teremu ikubwerayi tithandizane kuti azipezeka m'kalasi tsiku lililonse.

Tsiku lotsegulira talilemba kumapeto kwa lipoti.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu