Chilengezo: Tsiku la Mapemphero ndi Kuphunzira Mawu

Amayi a Mvano,

Loweruka likubwerali tikumana kutchalitchi kwathu ku Chinamwali kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mutu wathu ndi wakuti "Ndife ana a Mulungu ndi olowa nyumba ake."

Muwerengeretu Yohane 1:12, Aroma 8:14-17 ndi Agalatiya 4:4-7. Tidzakhalitsa pa Aroma 8, pamene Paulo akunena kuti Mzimu amatipatsa mphamvu yotchula Mulungu kuti Abba, ndiye kuti Atate, komanso kuti ndife olowa nyumba pamodzi ndi Khristu. Kwa Aroma, mwana wochita kumutenga ankalandira dzina ndi chuma cha bambo mofanana ndi wobadwira m'nyumbamo. Kuno kwathu tikudziwa momwe nkhani za chuma cha masiye zimagawanitsira mbumba, ndiye masana tidzakambirana momasuka za amasiye ndi ana amene tikulera m'makomo mwathu. Gawo limeneli musalithawe, ndi limene ndikuliona lofunika kwambiri.

Aliyense abwere ndi Baibulo, buku la nyimbo, kope ndi cholembera, mbale ndi kapu, ufa wokwana mbale imodzi komanso K2,000 ya ndiwo. Ndalamayo mupereke kwa msungichuma pofika Lachinayi. Tonse tivale yunifomu. Amayi a ku Matawale, nkhuni ndi zanu ulendo uno.

Amene mwalowa kumene mumpingo musachite manyazi, bwerani ngakhale mulibe yunifomu.

Yankhani pofika Lachitatu madzulo ngati mubwera, ndipo mutchule ngati mutenga mlendo, kuti ophika adziwe chiwerengero.

Mlembi