Penti watsopano akubisa mafelemu ong'aluka

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhule ndi anzanga ogulitsa njinga zakaunjika muno mu Lilongwe, komanso ndi anthu amene amabwera kudzatigula.

Pakati pa sabata ndimakhala ku ntchito yolembedwa. Loweruka ndi Lamulungu masana mudzandipeza kuseri kwa nyumba yanga ku Kawale, pansi pa mtengo wa mango, ndikulumikiza mafelemu a njinga zakapalasa. Ndinaphunzirira pa njinga ya Humber ya malemu bambo anga. Masiku ano ndimatola njinga zakufa ziwiri kapena zitatu, n'kusankhamo mapaipi abwino, n'kumanga imodzi. Zikachuluka pakhomo ndimagulitsako kuti ndipeze ya gasi ndi ndodo za bulasi, chitsulo chachikasu cholumikizira mapaipi.

Mwezi watha kunabwera mnyamata wa kabaza wa ku Chinsapo, felemu ili paphewa, mateyala ali m'manja. Njingayo anali atangoigula masabata atatu apitawo ndi ndalama imene mayi ake anakongola ku banki mkhonde. Inathyokera pakhosi pake, kunsi kwa chiwongolero, ali pamtsetse, atanyamula mayi wina ndi thumba la ufa. Mayiyo anavulala mkono, iye anaguluka mano awiri. Nditapala penti pothyokapo ndinapeza mng'alu wakalekale, wadzimbiri mpaka m'kati. Wina anangodontheza chitsulo pamwamba ndi makina a magetsi, n'kumatapo phala lija amamatira magalimoto ophwanyika, n'kupoperapo penti wakuda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anachita zimenezi ankadziwa kuti pa njingayo padzakwera munthu. Usiku umenewo tulo sindinatione, chifukwa nanenso ndimagulitsa njinga, ndipo wogula sangasiyanitse ine ndi munthu ameneyo.

Paipi ya felemu ndi yopyapyala kwambiri, milimita imodzi kapena kucheperapo. Makina owotcherera mageti ndi mabagala a m'mawindo ali ndi moto waukali, amaiboola, ndipo ngakhale asaboole, chitsulo cha m'mbali mwa powotchapo chimatsala chofooka. Yang'anitsitsani njinga zakale za Raleigh ndi Humber, ngakhalenso Hero ndi Phoenix: pamene mapaipi akumana amalowa m'kachitsulo konga kapu, ndipo chogwira m'katimo ndi bulasi wosungunuka. Bulasi amasungunuka chitsulo chisanayambe n'komwe kusungunuka, ndiye amayenderera m'mpata wonse paipi osapsa. Paipi ikang'aluka, mankhwala ake ndi kutenthetsa molumikiziramo, kuisolola yonse ndi kulowetsa ina. Ntchito imeneyi imanditengera tsiku lathunthu, nthawi zina awiri, chifukwa ukalumikiza uyeneranso kuwongola. Za aluminiyamu zimene zadzaza m'kaunjika masiku ano ndiye n'zina. Bulasi sagwirapo, ndipo ikang'aluka ine ndimangochotsa mabuleki, tcheni ndi malimu, felemuyo n'kupatsa ogula zitsulo zakutha.

Sindikunyoza kaunjika ayi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njinga yatsopano yasanduka loto kwa ambiri, ndipo sipoko ndi chubu zomwe zakwera. Anthu a kabaza, ogulitsa nkhuni, alimi obwera ndi tomato kuchokera ku Mitundu ndi ku Nsundwe m'bandakucha, onsewa chakudya cha ana awo chili pa njinga yogula kwa wina. Amainyamulitsanso katundu woposa amene inapangidwira, pa kaliyala yowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba. Felemu ya chitsulo yosamalidwa bwino imapirira zonsezi zaka zambiri, koma yong'aluka siichenjeza.

Inu ogula, musachite manyazi kugwada pansi pamsika. Yendetsani chala kunsi kwa paipi yotsika kuchoka pakhosi. Mukamva kakhwinya kapena katumphu, njingayo inagundapo kutsogolo, isiyeni. Tengani kamaginito ka mu sipika yakufa: pa felemu ya chitsulo kamamata paliponse, ndiye pamene kakugwira mofooka pali phala. Tengaponinso ulusi. Umangeni pamene pamalowa habu ya m'mbuyo, muuzungulitse pakhosi, mubwerere nawo mbali inayo, kenako muyeze mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo uku ndi uku. Mipata ikasiyana, felemu ndi yopindika ndipo idzakudyerani mateyala. Pomaliza itembenuzeni. Njinga zambiri zili ndi nambala yodinda kunsi kumene kumazungulira mapedulo kapena pafupi ndi chishalo. Ikakhala yopalidwa, dzifunseni kuti anaipaliranji. Wogulitsa akulembereni kakalata kokhala ndi nambalayo, dzina lake ndi mboni.

Anzanga ogulitsa, penti tizipaka wogula ataona kale. Ine ndinasiya kupenta njinga yosagulidwa. Imaoneka yonyansa, ena amadutsa osaicheukira, komabe amene waima ndimamuonetsa pamene ndalumikiza ndi paipi imene ndasintha, ndipo mtundu wa penti amasankha yekha.

Ndikupemphanso a TEVETA ndi a Lilongwe Technical College aganizire maphunziro aafupi, a masabata ochepa, a kalumikizidwe ka mapaipi opyapyala ndi gasi. Okonza njinga a pansi pa mitengo ku Biwi, ku Mchesi ndi ku Area 25 ali ndi manja aluso, kumanga wilo amatha bwino kuposa ine. Chimene ambiri sanaonetsedwe ndi ichi chokha, n'chifukwa chake felemu ikasweka amaitumiza kwa wowotcherera mageti.

Mnyamata uja ndinamuikira paipi yochokera pa Phoenix ina imene inali pakhomo. Anakana kuti ndipente pakhosipo, akuti azionetsa anzake a pa siteji mmene bulasi amaonekera. Ngongole ya mayi ake yatsala miyezi iwiri.

Wowerenga wanu,
Kawale, Lilongwe