Mwana wa vuto la kumva amulembera kuti "azimvetsera m'kalasi"

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndidandaule, poti kusukulu ndadandaula kale ndipo yankho lake linali kumwetulira basi.

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 6 pa sukulu ina ya boma. Chidwalireni malungo aakulu ali wamng'ono, khutu limodzi linafa, linalo limamva patalipatali. Zambiri amazitola poyang'ana milomo ya amene akuyankhula. Sukulu yonse ikudziwa zimenezi, kuyambira ahedi mpaka amayi ophika phala. Koma pa mayeso otsekera teremu, aphunzitsi a Chingerezi anapereka dikiteshoni uku akuyendayenda kumbuyo kwa kalasi, ana onse atawafulatira. Mwanayo anapereka pepala lokhala ndi dzina lake ndi tsiku, n'kupeza ziro. Pa lipoti anamulembera ndi bolopeni yofiira kuti azimvetsera m'kalasi, ahedi n'kusaina, n'kudindapo chidindo cha sukulu.

Azimvetsera! Zikomo kwambiri aphunzitsi, ife makolo nzeru imeneyi sinatifikirepo. Teremu ya mawa mumulemberenso mnzake woyendera ndodo uja kuti azithamanga.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti pasukulupa pali mphunzitsi wa ana aulumali, wophunzira bwino ntchito yake ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Atabwera anatiitanitsa makolo n'kutiuza kuti ana athu sadzapatulidwanso, azikhala m'kalasi limodzi ndi anzawo ndipo aphunzitsi awiri azigwirira limodzi. Tinaomba m'manja. Nanga tsiku la mayesolo mayiyu anali kuti? Anali kustolo, akuwerenga matumba a ufa wa phala, chifukwa ahedi anaona kuti ndi yekhayo "wopanda kalasi". Mphunzitsi wa Sitandade 2 akapita kukalandira ndalama kubanki, amakagwirizira ndi iyeyo. Kukagwa maliro m'mudzi, woimira sukulu ndi iyeyo. Kukabwera mchenga wa buloko yatsopano, wolondera ndi iyeyo. Asandutsa munthu wophunzira chinenero cha manja ndi zilembo za anthu osaona za Braille kukhala tayala la sipeya. Kodi boma linamulipirira maphunziro onsewo kuti azidziwa kuwerenga matumba? Matumba ngakhale mlonda angawerenge.

Ndipo masiku amene amaloledwa kulowa m'kalasimo, zimene zimachitika si zimene anatilonjeza. Amamupatsa mpando pakona, ana aulumali atatu kapena anayi n'kumuunjikira, mwini kalasi n'kumapitiriza phunziro lake akuyankhula ndi bolodi. Ndamvapo ndi makutu angawa mwini kalasi akunena kuti, "Madamu, ana anu aja sanalembe." Ana anu! Kaundula wa kalasi ali m'manja mwa yani? Sikimu amalemba yekha, lesoni pulani yekha, mayeso yekha, mnzakeyo n'kumaona mafunso nthawi imodzi ndi ana. Ameneyo mukuti kuphunzitsira limodzi?

Kugwirira limodzi kwenikweni sikufuna ndalama za azungu ayi. Awiriwo akhale pansi Lachisanu masana n'kuona za sabata yamawa. Wina akamafotokoza, mnzake azilemba mawu ofunika pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Mwana wa vuto la kumva akhale kutsogolo, pamene kuwala kwa pawindo kukugwera pankhope ya mphunzitsi, ndipo mphunzitsiyo aleke kuyankhula atatembenuka. Akagawa ana m'magulu, aphunzitsi onse awiri azizungulira magulu onse, kuti wa Montfort uja athandizenso ana ena amene afika Sitandade 6 osatha kuwerenga ndime imodzi, omwe ndi ambiri kuposa aulumaliwo, ngati tinganene chilungamo. Dikiteshoni ija ikanatheka bwinobwino mphunzitsi ataima patsogolo pa mwanayo n'kumatchula mawu pang'onopang'ono, kapena kumuyesa masipelo m'njira ina. Ngakhale a MANEB amakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu pa mayeso a Sitandade 8. Ndiye sukulu imodzi ikhale yokhwima malamulo kuposa MANEB?

Musaiwale kuti makalasi a Sitandade 5 mpaka 8 ndiye ovuta. Manotsi amachuluka, zonse ndi Chingerezi, aphunzitsi amasinthana malinga ndi phunziro ndipo aliyense amabwera ndi kayankhulidwe kake. Mwana amene ankakwanitsa ku makalasi aang'ono poonera anzake amayamba kutsalira pamenepa, ndipo mtsikana wa msinkhu umenewu akachititsidwa manyazi pagulu sachedwa kunena kuti mawa sindipita.

Nditakadandaula, mmodzi wa akomiti ya sukulu anandifunsa kuti bwanji osangomutumiza ku Mua kapena ku Maryview. Sukulu zimenezo ndimazilemekeza, zathandiza ana osamva kwa zaka zambiri, chimodzimodzi ya ku Embangweni. Koma malo ndi ochepa, ndi kutali, ndipo si ine ndinalemba ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021 yonena kuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Linalemba ndi boma. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, gawo 25 likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo lina latsopano linabwera mu 2024. Mapepala tili nawo okwanira kufolera sukulu yonse.

Pajatu ndi mmene timachitira zinthu kuno. Pulaimale yaulere inayamba mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe chiwerengero cha ana 60 pa mphunzitsi mmodzi osachigwira. Misonkhano ya nkhani za ulumali ndiye siitha, ku Mponela, kunyanja, matisheti ndi maalawansi, koma opitako nthawi zambiri ndi a m'maofesi, pamene wogwira choko amangomva kuti kunali wekishopu. Alendo akamabwera pasukulu, ana aulumali amaikidwa kutsogolo, aphunzitsi awiri kuima limodzi mokongola, zithunzi kujambulidwa, galimoto ikangotuluka pageti aliyense kubwerera pakona pake. Pena amamanga njira ya njinga ya olumala yokafika pakhomo la kalasi, koma chimbudzi chili ndi masitepe. Za mabatire a makina othandiza kumva ndisayambe n'komwe, mtengo wake ungandithere pepala.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi lachidule. Tulutsani kalata yoletsa ahedi kutuma aphunzitsi a ana aulumali ntchito zina nthawi ya makalasi. Pa taimutebulo pakhale ola limodzi pa sabata loti aphunzitsi awiriwo akonzekere limodzi, ndipo mayeso asaperekedwe onse awiri asanasaine. Alangizi a sukulu za pulaimale (a PEA) akamayendera sukulu azifunsa zimenezi, asamangoyang'ana ngati sikimu yalembedwa. A FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi a MANAD, bungwe la anthu osamva, tulukaniko m'tauni mudzaone. Ndipo ziro uja afufutidwe, mwanayo alembenso mayesowo teremu isanatsegulidwe.

Mayi wokhumudwa