Kwa Chifundo, usanapite ku mpingo wako

Wokondedwa mwana wanga Chifundo,

Kuno ku Chisitu tadzuka bwino, kungoti chiperoni chatikhalira, phiri silikuoneka n'komwe, ndipo mawondo a amayi ako ayambiranso. Uthenga woti Sinodi yakupatsa mpingo tinaulandira. Amayi ako analuluta mpaka anansi anathamangira kuno kudzafunsa chimene chachitika. Inenso ndakondwa, koma tulo sindikuona. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu.

Zandipeza zoti mnzako uja tsopano akudzitcha mneneri ku Limbe, akugulitsa madzi a m'mabotolo ndi mafuta odzozera, ndipo iwe anthu akumakuona m'galimoto mwake. Ndamvanso za katapila amene unatenga kuti ugulire suti. Suti, Chifundo! Kolala sunayambe kuvala, ngongole yakhala kale pakhosi. Ndani anakuphunzitsa zimenezi? Pakhomo pano ayi.

Za ulaliki wako sindikayika, pakamwa Mulungu anakupatsa. Chikundidetsa nkhawa ndi ndalama basi. Amene adzaponye m'mbale Lamulungu ndi amayi othyola tiyi, olowa m'munda kusanache dengu lili kumsana, mame mpaka m'chiuno, madzulo n'kuima pamzere kudikira sikelo. Ndalama imene amamasula pa nsonga ya chitenje ija ndi sopo amene sanagule. Usadzaiwerenge wekha, ngakhale tsiku limodzi. Awerenge akulu ampingo, msungichuma alembe m'buku, iwe manja kumbuyo. Za masika ndi za pepa sande chimodzimodzi. Usadzabwereke za Mvano ndi mawu oti ndibweza pakutha pa mwezi. Ndakhala mu sesoni zaka zambiri, ndinaona mbusa wina wolalikira bwino kuposa iwe akupakira katundu usiku, mkazi wake akulira, nkhani yake inayambira pa kubwereka komweko.

Ukukumbukira uli wamng'ono unkafukula nyemba zimene tadzala dzulo lake kuti uone ngati zamera? Amayi ako ankakuthamangitsa ndi mthiko. Mtima wofulumira womwewo ndi umene ndikuuona pa nkhani ya sutiyi.

Ndinakuphunzitsa ndekha za Gregor Mendel pamene unkakonzekera mayeso a Fomu 4, koma iwe unangoloweza zitatu kwa imodzi, lamulo lake lija la mmene mbewu zimatengera maonekedwe a makolo, kuti ukhoze. Munthuyo anali wansembe wa Katolika ku Brno, ku Ulaya. Kuyambira 1856 mpaka 1863 anali m'kadimba ka kuseri kwa nyumba ya ansembe, kudzala nsawawa, kusamutsa mungu kuchoka pa duwa ili kupita pa ilo ndi dzanja lake, kenako kusenda ndi kuwerenga njere zikwizikwi, zosalala kwake, zokwinyika kwake. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1866, anthu osalabadira. Anamwalira mu 1884, ndipo ntchito yake inadzadziwika mu 1900 iye ali m'manda. Lero mwana wa ku Muloza amaphunzira dzina lake. Sanagulitse kanthu kwa munthu wodwala. Ine munthu ameneyu ndimamulemekeza ngakhale sanali wa mpingo wathu.

Ngakhale tiyi watizungulirayu anayamba kudzalidwa m'munda wa mishoni ku Blantyre asanafike kuno ku Mulanje. Amishoni akalewo anali ndi zolakwa zawo, koma khasu ankalidziwa. Ndipo a Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi mwa abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre, atadzozedwa ubusa mu 1911, kodi ukuganiza kuti kunali galimoto yowadikira?

Tsono ukafika, usanayambe kudandaula za malipiro, pita kuseri kwa nyumba ya abusa ukaone nthaka. Lima. Dzala nandolo, mpiru, chinangwa, nthochi, ndipo ukapeza mbande za mapeyala uike ziwiri zitatu ngakhale ukudziwa kuti adzadya ndi mbusa wobwera pambuyo pako. Mbusa amene ali ndi ndiwo kudimba salalikira za chakhumi sabata ndi sabata maso ali pa mbale. Akhristu amaona zimenezi, sangakuuze koma amaona. Uwafunsenso agogo a kumeneko maina a mitengo ndi ntchito zake, adzakutsegulira mitima msanga kuposa ukafika ndi Chigiriki chako cha ku Zomba.

Sindikukuda, mwana wanga. Tsiku limene unatiuza za maitanidwe ako ndinalowa kuchipinda kukagwada. Koma mnzako uja umusiye. Akakuitana kuti ukaime naye pa nsanja ukane, akakupatsa envelopu ubweze. Ndabwerezanso, ubweze.

Ubwere Loweruka lino ndi pepala lolemba ngongole yonse, osabisa ngakhale tambala. Mbuzi ziwiri zija tigulitsa, tikabweze katapilayo usanadzozedwe. Amayi ako akusungira mbewu ya nandolo ndi nyemba m'chigubu. Ukwere minibasi, utsike pa Chitakale, mng'ono wako adzakutenga pa njinga. Pa galimoto ya munthu uja usafike pakhomo pano.

Ndine bambo ako.